Diso la Chidole Changa ndi Kompyuta ya Malume

Ndikukumbukira tsiku limene malume anga, a Yohane, anafika kwathu ku Kawale atamanga makatoni atatu panjinga. Ine ndinali kamtsikana, sukulu nditaisiyira panjira kuti ndizilera ang'ono anga. M'makatonimo munali zidutswa za kompyuta. Mayi Nyirenda, amene anali ndi kashopu kotayipira makalata ku Biwi, anali atawauza kuti akailumikiza n'kuyenda bwino pofika Loweruka, awalemba ntchito. Malumewo anali atatha zaka ziwiri akupondaponda m'tauni ndi mapepala m'manja, ndiye tonse mtima unali pa makatoniwo.

Anayala chitenje cha mayi patebulo n'kuyamba kulumikiza. Fungo la pulasitiki watsopano lija ndimalimvabe. Chimene chinandikopa ine chinali chibolodi chobiriwira, chokhala ndi tinjira tambirimbiri ngati ta ku Mgona. Pakona pake panali kanthu kozungulira, konyezimira ngati kabatani ka jekete ya bwana. Malume atapita kukasamba, ndinakatokosa ndi chikhadabo, kanadumpha kokha. Chidole changa chadongo chinali ndi diso limodzi, ndiye basi, ndinachipatsa lachiwiri.

Atayatsa, kompyuta inalira kuti pii, galasi n'kudzaza tizilembo toyera ngati nyerere zapeza shuga. Ndinafunsa kuti ikuti chiyani.

"Ikufunsa tsiku ndi nthawi," anatero malume. "Kuno amati ku BIOS. Ndi kumene imasunga malangizo ake oyamba, isanachite china chilichonse."

Ndinafunsanso ngati asinthe zonsezo. Anati ayi, kompyuta yatsopano zambiri imadzidziwira yokha. Iwe umangoiuza nthawi ndi poyambira kuwerenga, zinazo usakhudze ngati sukuzidziwa.

Anaiuza, inamva, inayenda. Koma magetsi a ku Kawale mukuwadziwa inu. Akangothima n'kuyakanso, kompyuta ija pii, yaiwala zonse, ikuti lero ndi chaka chimene ine ndinali ndisanabadwe. Malume anayamba kusintha ngakhale zija anati osakhudza. Zinthu zinangoipiraipira. Lachinayi sanadye. Mayi anga anati mwina wansanje wina waikapo dzanja, tiitane abusa adzaipempherere. Lachisanu m'mawa ndinawapeza pakhonde atagwira tsaya, akuti mawa akangowauza Mayi Nyirenda kuti alephera.

Masana anatsegulanso bokosi la kompyuta ija komaliza, n'kuunika ndi tochi. Kenako analoza pakona pa chibolodi chija.

"Kabatire kapita kuti? Ndiko kamasunga zimene ndaiuza magetsi akathima. Kapena kushopu sanandiikire?"

Anaonetsa ndi zala kukula kwake. Ndinazemba kupita kuseri kwa nyumba, ndinabwera ndi chidole, n'kuchikhazika patebulo. Chinawayang'ana malume ndi diso lake lonyezimiralo.

Ndinkadikira mbama. Malume anayang'ana chidole, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka kutsamwa.

"Iwe Nabanda iwe! Sabata yonse nzeru za kompyuta yanga zili m'mutu mwa mwana wakoyu?"

Mayi anga ndiye sanaseke, khutu langa lamanzere ndi mboni. Malume anakolowola diso lija, anapukuta dongo ndi malaya awo, analibwezera pamalo pake. Zonse zimene anasokoneza anazibweza mmene zinabwerera kufakitale, n'kuikamo nthawi ndi poyambira basi. Tinazula chingwe kukhoma dala, tinadikira, tinayatsanso. Inakumbukira! Loweruka malume anakaipereka kwa Mayi Nyirenda, ndipo Lolemba anavala taye, ulendo ku Biwi kukayamba ntchito.

Lero ndili ndi mdzukulu kumsana, ndipo mwana wanga wamwamuna ndiye amalumikiza makompyuta ku Chilinde. Akuti za masiku ano n'zochenjera, nthawi zimakaitenga zokha pa intaneti, ku BIOS amangosuzumirako pang'ono n'kutuluka. Koma tsiku lina nditamupititsira chakudya ndinasuzumira m'kati mwa ina, ndipo kabatani kaja kalipobe, kakunyezimira ngati kale. Manja ndinawaika kumbuyo. Chidole changa chija chinakalamba ndi diso limodzi.