Malawi Achikasu pa Mbaula ya Apongozi

Chaka chimene ndinalima chimanga kwa apongozi ku Mpingu, ndinagula thumba la feteleza wa yureya pa Namitete kwa munthu wina wa njinga. Ndinanenerera mtengo mpaka mwiniwakeyo anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Masiku amenewo ndinkadzitama kuti wondipusitsa pa malonda sanabadwe. Thumba linali lomwelo basi, ndipo chimanga chinali chitafika m'mawondo, chikudikira.

Ndinalitsitsa pakhonde mwamatama. Apongozi aamuna, mkulu wa mpingo amene anaphunzitsa sayansi mpaka kupuma ntchito, ankawiritsa tiyi pa mbaula. Anapisa dzanja mpaka pakati pa thumba, n'kuyang'anitsitsa zimene anatapazo.

"Mwati anakutsitsirani kwambiri, eti?"

"Anatsala pang'ono kulira, bambo."

"Mwina ankadziletsa kuseka."

Anaphula ketulo, n'kukupiza makala mpaka malawi anasanduka abuluu, kenako anawazapo feteleza pang'ono. Kunathetheka, malawi onse n'kukhala achikasu chowala.

"Muli mchere umu. Yureya amangosungunuka n'kununkha."

Mphunzitsi sapuma ntchito. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mumchere muli sodiyamu. Moto ukakolera, tiatomu take timagundidwa n'kulandira mphamvu, ndipo pobwerera mwakale timataya mphamvuyo ngati kuwala. "Chilichonse chili ndi mtundu wake," anatero. "Sodiyamu wake ndi wachikasu. Magetsi a mumsewu m'tauni aja, ndi yemweyu."

Ndinkagwedeza mutu, koma mtima unali kumunda. Ndikanathira m'mawa mwake, mcherewo ukanawotcha mizu, ine n'kusanduka mkamwini amene anapha chimanga cha eni mudzi ndi manja ake.

Mkazi wanga anatuluka m'nyumba, anatola kam'bulu kamodzi, kulawa, kulavula, n'kutembenukira kwa ine.

"Mpaka sayansi? Abambo, kodi lilime munalisiya kuti?"

"Linatopa ndi kunenerera," ndinayankha.

Apongozi anaseka mpaka kutsamwa.

Tinatha masiku atatu pa lichero. Yureya ndi wobulungira, amagubuduka. Mchere uli ndi makona, umatsalira. Amene tinapulumutsa anakwanira theka la munda, kwinako tinathira manyowa a mbuzi. Nkhokwe sinadzaze, koma tinadya mpaka chimanga china.

Mpaka lero ndikamagula feteleza ku Nsaru, ndimatapa wa pansi penipeni n'kupita naye pa moto wa wogulitsa tchipisi. Kulawa ndimadziwa tsopano, koma wogulitsa feteleza akaona ndikulunjika kumoto, mtengo umayamba kutsika wokha.