Mzati wa pa Siteshoni

Dzulo mwana wanga, buku la sayansi lili m'manja, anandifunsa kuti munthu amadziwa bwanji kuti chinthu chikuyenda. Ndinayamba ndaseka, fungo la magwinya, mandasi a kuno kwa Azulu, litandibwerera m'mphuno.

Ndinali kamwana, titakhala m'sitima pa siteshoni ya KwaMashu. Amayi anali atandichenjeza kuti, "M'sitima Chichewa ayi, wamva? Anthu asatidziwe kuti ndife obwera." Adadi anatsika kukagula magwinya. Mwadzidzidzi ndinaona mawindo a sitima ina akudutsa pawindo lathu. Tanyamuka!

"Amayi, tawasiya adadi! Imitsani sitima!" ndinakuwa m'Chichewa chenicheni cha ku Mulanje.

Anthu onse anacheuka. Amayi ananditsina, kenako ananditembenuzira mutu kuwindo linalo. "Taona mzati uwo. Ukuyenda?" ananong'ona.

Mzati unali chilili. Pambali pake adadi analinso chilili, akudya gwinya langa. Inanyamuka inali sitima inayo. Mayi wina wachizulu anaseka mpaka misozi, n'kundipatsa switi.

Mwana wanga ndinamuuza kuti ayambe wapeza chinthu choima. Ine changa chinali adadi, ndipo chimwalirireni iwo, zonse zimangooneka ngati zikuyenda.