Amene Anasayinira Bokosi Lotuwa

Edileuza anakulira m'kashopu ka bambo ake ku Casa Amarela, mu mzinda wa Recife, pakati pa mawayilesi akufa. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankatha kale kuwotcherera waya dzanja osanjenjemera. Atakula anaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo iye ndi Genival, mnzake wa kuubwana, anatsegula kakampani kopanga magemu pamwamba pa bekale.

Genival anali wa pakamwa, Edileuza wa manja. Atapemphapempha kwa zaka zisanu, kampani ina ya ku Japan yopanga makina osewerera magemu inawabwereka bokosi loyesera. Linali lotuwa, lolemera, losaoneka bwino, koma gemu ikangoima mwadzidzidzi, bokosilo linkaloza mzere weniweni pamene palakwika. Linabwera ndi malamulo ake: lisatuluke m'chipinda chokiya, ndiponso munthu asalijambule.

"Sayina iweyo, mlongo," anatero Genival. "Ine ndimataya ngakhale makiyi a nyumba yanga."

"Ukanataya pakamwapo bwenzi tikupuma," anayankha Edileuza, nasayina akuseka.

Zaka ziwiri Edileuza anakhala pamaso pa bokosilo, akusaka zolakwika m'gemu yawo ya msodzi wolimbana ndi mafunde. Khofi ankamuzizirira pambali. Gemu itatsala pang'ono kutha, mayi ake anadwala ku Caruaru, ndipo anapita kukawadwazika masiku anayi. Makiyi anasiyira Genival.

Mmbuyo muno Genival anakulunga bokosi m'thawulo, n'kupita nalo ku hotela ya ku Boa Viagem kukaonetsa mabwana a kampani yaikulu ya ku São Paulo. Mmodzi wa iwo analijambula, chithunzi n'kufalikira pa intaneti, nambala ya bokosi ikuoneka bwinobwino.

Edileuza atabwerera anapeza tebulo lili mbee, pali kalata yokha. Eni bokosi anali atalitenga, ndipo analemba kuti iye sadzaloledwanso kugwira makina awo. Pansi panali mawu amene Genival anawayankha: Edileuza, wosunga bokosi, ndiye analitulutsa, iye osadziwa.

Anamupeza Genival pansi m'bekale akudya chinangwa chophika.

"Genival, ine ndimasambitsa amayi anga. Wawauza chiyani anthu aja?"

"Khala pansi kaye, mlongo."

"Usanditchule mlongo!"

"Tamvera. Akanatiletsa tonse awiri, gemu ikanafa. A ku São Paulo ali ndi mabokosi awo, akuifuna. Ndikakakhazikika ndidzakuitana."

"Ndiye unasankha kuti wofa akhale ine?"

Genival anangoyang'ana m'mbale. "Dzina lako ndi limene linali papepala," anatero chapansipansi.

Edileuza analembera eni bokosi kawiri, anatumiza ndi zikalata za kuchipatala. Anamuyankha mwaulemu kuti wosayina ndiye woyankha mlandu. Gemu inatuluka chaka chotsatira. Pa mayina a oipanga panali anthu makumi anayi, lake panalibe. Kuitana kuja sikunabwere.

Lero Edileuza amakonza makina owerenga makadi m'mabasi a mu Recife, ndipo anzake a ku depoti amati palibe womuposa. Lamlungu lililonse potuluka m'tchalitchi, Dona Zefinha, mayi ake a Genival, amamugwira mkono.

"Mwanawe, bwanji sunapite naye mnzako? Akuti unakana wekha."

"Amayi, ine São Paulo imandizizira," amayankha Edileuza, n'kuwawolotsa msewu.