Dzanja Lamanzere la Amayi Spiwe Chikopa

Amayi Spiwe Chikopa, amene tinawaperekeza kumanda mwezi wathawu, anabadwa mu 1951 pa famu ya fodya ku Zimbabwe, kumene bambo awo a ku Dedza anatchona. Anabadwa amanzere. Pa sukulu ya pafamupo mphunzitsi ankati dzanja lamanzere ndi lauve, ndipo ankalimangirira ku benchi ndi luzi kuti kamtsikanako kalembe ndi lamanja. Lamanjalo linkakana kulemba. Tsiku ndi tsiku inali ndodo pazala, mpaka anasiya sukulu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kuwerenga anakudziwa pang'ono, koma cholembera anachiopa moyo wawo wonse.

Mapemphero ndi nyimbo anazisunga m'mutu. Anakwatiwa, nabereka ana atatu, naika awiri m'manda, kenako amuna awo. Mafamu atasokonekera anatsikira kuno ku Joni mu 2003, napeza kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Alexandra ndi ntchito yosesa m'nyumba yosungira katundu ku Marlboro. Sitinawamvepo akudandaula. Lamulungu lililonse, Misa ya Chichewa isanayambe, ankakhala atafika kale, kolona m'manja, ndipo ikatha ankaphunzitsa ana a Tilitonse katekisimu, zonse pakamwa. Pakabwera pepala loti alembe ankangoti, "Ndilembereni, magalasi ndaiwala." Zaka khumi ndi zisanu tinakhulupirira, ife ogona, osadzifunsa kuti magalasi oiwalika sabata ndi sabatawo tinawaonapo liti.

Mu 2018 m'kalasi mwawo munali Naledi, mtsikana wa zaka khumi wobadwira konkuno, mdzukulu wa Mmalawi wina wa m'migodi. Mafunso onse ankayankha Amayi asanamalize kufunsa. Koma akagwira pensulo zala zinkauma, zilembo zinkakwerana, zina kuyang'ana kumbuyo, ndipo mzere umodzi unkamutulutsa thukuta. M'parishi mwathu mwana salandira Ukaristia woyamba asanakhoze mayeso olemba. Naledi anali atalephera kawiri. Anzake anavala zoyera, iye akuonerera kumbuyo.

"Gogo, sindibweranso," anatero tsiku lina. "Kusukulu amati ndine slow. Ngiyisilima, chitsiru basi. Ngakhale Yesu sandifuna."

Mawu amenewa anawalasa Amayi Chikopa mumtima, chifukwa anali mawu awo omwe a kale. Anamva kwa mnzawo wa kuntchito kuti pali makina othandiza ana otere, ndipo mwana wa bwana wawo anawapatsa tabuleti yakale yong'aluka galasi. Munthu woti foni ankangodziwa kuyankha, anayenda nayo kwa achinyamata a kwaya mpaka anamuikiramo zofunika.

Anayamba ndi zoti munthu azilankhula, makina azilemba okha. Koma makinawo Chichewa sankachidziwa. Naledi akati "Tikuoneni Maria," pagalasi pankatuluka Chingelezi cha matikiti. Amayi anaseka mpaka misozi. "Eish, chinthuchi n'chachikunja, chifunika ubatizo!" Anazisiya zimenezo. Anapeza kuti mwanayo akamadina zilembo ndi chala, mayankho ankatuluka owongoka, odzaza, opanda cholakwa. Munalinso masewera otsatira kadontho ndi chala pojambula zilembo zikuluzikulu, ndipo kadonthoko sikankakalipa munthu akaphonya. Loweruka lililonse ankakhala awiriwo pakhomo pa kachipinda kaja.

Nthawi ya mayeso itayandikira anakapempha ku komiti ya parishi kuti Naledi alembe pa tabuleti. A Joram, katekisi wathu, munthu wabwino koma wouma ngati chikuto cha buku, anakana. "Mayi, rule ndi rule. Mwana alembe ndi dzanja ngati anzake. Tikalola izi, mawa aliyense abwera ndi foni kudzakopera."

Amayi Chikopa anaimirira. Tinali pomwepo, ndipo sitidzaiwala zimene ananena.

"Abambo, magalasi ndilibe. Sindinakhalepo nawo. Ndakhala ndikukunamizani, ndipo Mulungu andikhululukire. Ine sinditha kulemba ngakhale dzina langa." Anakweza dzanja lamanzere, chala chimodzi chili chopindika chipindikire cha ndodo zija. "Ili analimanga ndili mwana, ndipo panalibe wondilankhulira. Mwana uyu Ambuye amawadziwa kuposa tonsefe. Musamumange."

Chinsinsi chimene anachibisa zaka makumi asanu ndi limodzi anachitaya pansi pamaso pa anthu chifukwa cha mwana wa eni. Bambo Mfumu analola, ndipo a Joram anayang'anira okha mayesowo, intaneti atazimitsa. Naledi anakhoza zonse. Tsiku limene anavala zoyera, Amayi Chikopa analira Misa yonse.

Makolo ena anamva, ndipo ana a Loweruka anafika asanu ndi awiri, kusinthana tabuleti imodzi yong'aluka. Amayi ankawauza kuti, "Osathamanga, kadontho kakudikira." Ana akapita, nawonso ankatsatira kadonthoko ndi chala chamanzere, koma sankaonetsa munthu.

Chaka chatha anagwa ndi sitiroko. Inawalanda mawu ndi mbali yonse ya kumanja. Zinali zowawa kuona munthu amene chuma chake chonse chinali pakamwa atagona duu, maso okha akuyenda. Miyezi inayi anapirira, amayi a mphakati akusinthana kuwasamala. Tsiku limene Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza, Naledi, tsopano namwali, anaika tabuleti pachifuwa pawo. Dzanja lamanzere lija, lokhalo limene linatsala, linayenda pagalasi pang'onopang'ono, kupuma, kuyendanso. Linalemba "Spiwe." Chilembo choyamba chinayang'ana kumbuyo. Aka kanali koyamba kuti tione dzina lawo lolembedwa ndi iwo eni. M'mawa mwake anatisiya mwakachetechete, kolona ili m'dzanja lomwelo.

Pamaliro panali mtanda wathabwa woti ulembedwe dzina. A Joram anali atagwira kale burashi ndi penti, pakuti iwo amalemba bwino ngati makina. Koma anatembenuka, namupatsa Naledi. Mtsikanayo anagwada nalemba ndi dzanja lake, misozi ikugwera pathabwa. Zinatenga nthawi, nyimbo zitatu zinatha. Zilembo zinatuluka zokhota, ndipo choyambacho anachiyang'anitsa kumbuyo dala, monga mmene mwini wake analembera.

Wina ananong'ona kuti pafufutidwe, palembedwe bwino. A Joram anapukusa mutu, maso ali ofiira.

"Pasiyeni," anatero. "Pakuwerengeka."

Ambuye, amene mumawerenga ngakhale zolemba zokhota, apatseni mpumulo wosatha mtumiki wanu Spiwe.