Hamonika Yolira ndi Mluzu wa Bashi Mpundu

Ndimasoka nsapato ku komboni ya George, pansi pa kachisakasa ka malata pafupi ndi kiyosiki ya madzi. Ntchito imeneyi ili ndi nthawi yambiri yongokhala. M'mawa anthu amasiya nsapato pothamangira minibasi, madzulo amadzatenga, ndipo pakati pakepo umangoyang'ana zigubu za amayi zili pamzere. Anzanga ena amathera nthawi yotere pa nsolo kapena pa foni. Ine ndinasankha hamonika, kachoimbira kokwana m'dzanja kamene umauzira ndi kukoka mpweya pa timabowo take. Ndinaphunzira ndekha, ndipo amene anazunzika ndi kuphunzira kwangako ndi aneba.

Wodandaula wamkulu anali bashi mpundu. Tinkawatchula choncho chifukwa anali bambo wa mapasa, ndipo kwa Abemba dzina limeneli limakwirira dzina lenileni. Anali mmisiri womanga nyumba, wamtali, wolankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu ngakhale uli pambali pawo. Ine ndine wakum'mawa, choncho tinali pa chimbuya. Mbemba ndi munthu wakum'mawa amaloledwa kunyozana mmene angafunire, ndipo amene wakwiya ndiye wagonja. Iwo ankati ife tinamaliza mbewa zonse m'tchire, ine ndinkati anyani akusowa chifukwa cha miphika yakwawo. Koma maliro akagwa kwa mmodzi, winayo ndi amene amagwira ntchito, kuseketsa ofedwa ndi kuwapaka ufa kumaso kuti chisoni chisawapitirire.

Bashi mpundu anali ndi mluzu wawo umodzi. Sankauimba m'mawa kapena pantchito. Ankauyamba akangotsika minibasi chakumadzulo, n'kumabwera nawo kudutsa pa kiyosiki, pachisakasa changa, mpaka pageti pawo kuseri kwa malo angawo. Ankati ndi nyimbo imene bambo awo ankaimba poweruka kumgodi, koma mawu ake anawaiwala kalekale. Inali nyimbo yotsika pang'onopang'ono, ya munthu wotopa amene akudziwa kuti wayandikira kwawo. Akazi awo, bana mpundu, akangoumva ankadzuka n'kutereka madzi osamba pa mbaula. Wotchi ya pakhomo pamenepo inali imeneyo.

Ine ndinafuna kuuimba mluzuwo pa hamonika, mwina chifukwa chongofuna kuwaonetsa kuti palibe cha Mbemba chimene chingatikanike. Hamonika imene ndinali nayo inali wamba, ya mtundu wopezeka paliponse. Ukangouzira imatulutsa mawu osangalala, ngakhale wauzira uli ndi malungo. Nyimbo zambiri za kutchalitchi inkazitha, za paukwati ndiye osanena. Koma mluzu uja unkaikanika. Ndinkayamba bwino, koma pofika pamene nyimboyo imagwa, liwu lofunikalo panalibe. Bowo ili linali pamwamba pang'ono, linzake pansi kwambiri. Ndinayesa kulipinda liwulo ndi lilime komanso kukhosi monga amachitira akatswiri, koma linkatuluka ngati chitseko chosowa mafuta.

“Iwe mbuya,” anatero bashi mpundu tsiku lina, ataima ndi chikwama cha zida paphewa, “nyimbo ya batata banga waisandusa yovina bazimai pa kicheni pate. Leka chabe. Mbeba zinakusiliza mphepo mu chifuba.”

“Vuto ni nyimbo yanu, ba mbuya,” ndinayankha. “Imveka monga kolwe, uja nyani wanu, wagwa mu mutengo.”

Tinaseka tonse, koma ine zinandiwawa. Sindikonda kugonja, makamaka kwa Mbemba.

Loweruka lina ndinapita m'tauni kukagula ulusi, guluu ndi zidendene. Pamsika panali bambo wina wogulitsa katundu wakale wochokera kunja: masimbi, zidole zoduka miyendo, mawotchi akufa. M'beseni la pulasitiki munali mahamonika angapo. Kusankha hamonika yakale kumafuna kuleza mtima. Umayang'ana dzimbiri m'mphepete, umanunkhiza kuti udziwe ngati mwini wake woyamba anali wa fodya, kenaka umauzira ndi kukoka pa bowo lililonse kuti umve ngati timalilime tachitsulo tam'kati tonse tikuyankha. Ina inkataya mpweya m'mbali. Ina inali ndi mabowo awiri akufa. Nditagwira yakuda imene inali pansi penipeni, wogulitsayo anagwedeza mutu.

“Iyo isiyeni, mudala. Ni yowonongeka. Aliyense akaliza, ilila monga pa malilo.”

Ndinaipukuta ndi malaya n'kuuzira. Mawu anatuluka pamodzi, ogwirizana bwinobwino, koma ogwa nkhope. Sinali yowonongeka ayi. Ndinakoka mpweya pa bowo lachiwiri, n'kukwera, n'kuyamba kutsika, ndipo liwu lija ndinalisaka kwa miyezi linali pomwepo, osafuna ngakhale kupinda lilime. Ndinaimba mluzu wonse wa bashi mpundu nditanjuta pakati pa msika, anthu akundiponda zala. Pambuyo pake wotsogolera kwaya wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti hamonikayo inachunidwa m'kiyi imene iwo amati ya maina, ndipo timalilime tina anatitsitsa dala. Analankhula zambiri, koma ine ndinangogwirapo chimodzi, chakuti opanga anaipanga kuti izilira. Kuyambira pamenepo yatsopanoyo ndinkaitchula yolira, yakale ija yoseka.

Yolira ili ndi makani ake. Ukaipempha nyimbo yovinira, imakupatsa nyimbo yomweyo itavala zakuda. Ana a sukulu amene ankaima pachisakasa kuti ndiwaimbire, akaimva ankangonyamula zikwama zawo n'kumapita. Choncho ndinayamba kuyenda nazo zonse ziwiri, iliyonse m'thumba lake la epuloni. Nthawi ya mvula, madzi akadzaza m'tinjira ta m'komboni, ndinkazikulunga m'pepala la pulasitiki, ndipo ndinaphunzira mowawa kuti munthu saimba hamonika atangodya mtedza.

Tsiku limene ndinawatchera bashi mpundu, ndinadikira kuti afike pa kiyosiki ndi mluzu wawo, ine n'kulowerera. Anasiya mluzu pakati. Anaima chilili mpaka ndinamaliza, kenaka anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali.

“Awe shuwa,” anatero, “mbeba yangena sukulu.”

Kuyamika kwawo kunathera pomwepo. Koma kuyambira tsiku limenelo iwo ankauyamba posteji, ine n'kuulandira akamadutsa, ndipo tinkapita nawo limodzi mpaka geti lawo litalira. Tinachita zimenezi zaka zingapo popanda kukambirana ngakhale kamodzi.

Bashi mpundu anamwalira m'nyengo yotentha, Lamlungu masana. Atadya anati mutu ukuwawa, n'kukagona pang'ono, ndipo sanadzukenso. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Abale awo anabwera kuchokera ku migodi, motsogozedwa ndi mlongo wawo wamkulu, mayi wa maso oona chilichonse. Mipando inatulutsidwa m'nyumba, amayi anakhala pansi m'katimo, abambo panja pansi pa tenti, ndipo ife akum'mawa tinagwira za nkhuni, madzi ndi miphika.

Vuto linali lakuti bana mpundu sankalira. Pamaliro, aliyense wolowa m'nyumba amalowa akulira, ndipo wamasiye amayenera kuyankha. Iwo ankangokhala pakona atafunda chitenje, maso ali gwa, n'kumafunsa ngati alendo adya ndiponso ngati makala akwanira. Tsiku loyamba anthu anati ndi kudzidzimuka. Tsiku lachiwiri manong'onong'o anayamba. Mkazi wanga, amene ankaphika kuseri, anabwera kudzandikokera pambali.

“Bakamba ati banabadyesa vinthu bamuna bao,” anatero. “Ati mukazi wamene salila aziba vamene anachita. Nabafunsa bana mpundu mushe mushe, bagwila pa chifuba, ati vankhala apa monga mwala, nifuna kulila koma vikana.”

Ndinadziwa kumene nkhaniyo inkalowera. Pambuyo poika maliro, Abemba amakhala pansi pa msonkhano wa banja umene amati isambo lyamfwa. Pamenepo wamasiye amafotokoza mmene imfa inabwerera, ndipo pamenepo ndi pamene amakamba za katundu. Nyumba ija anaimanga bashi mpundu ndi manja awo, koma madzi onse okandira simenti anawasenza bana mpundu pamutu kuchokera pa kiyosiki, ine ndikuona. Zipinda ziwiri zalendi za kumbuyo ndi zimene zinkaphunzitsa mapasa aja. Lamulo loteteza amasiye lilipo ndithu, koma limafika mochedwa ku George, katundu ali kale pa lole. Mayi amene walowa pamsonkhano wotere anthu atamuweruza kale, amatulukapo ndi zitenje zake zokha. Zinandikwiyitsa kwambiri, koma mbuya alibe mpando pa isambo lyamfwa.

Tsiku loika maliro tinagwira ntchito yathu ya chimbuya mokwanira. Tinawapaka ufa Abemba onse, ngakhale ovala masuti, ndipo iwo anatibwezera. Ine ndinavala ovolosi ya malemuwo, nditapinda miyendo chifukwa ndine wamfupi, n'kumayenda monyang'wa ngati iwo, ndikukalipira anthu kuti manda sanawongoke. Ndinaimba yoseka ali m'kati mokwirira, ndipo anthu anaseka, ngakhale mlongo wamkulu uja. Koma bana mpundu ataitanidwa kudzaika nkhata, anaiika bwinobwino, n'kuiwongola, n'kubwerera pamalo awo maso ali ouma. Ndinaona mlongo uja akuyang'anizana ndi achimwene ake.

Titabwerako tinasamba m'manja pageti, anthu anadya, ndipo kunalengezedwa kuti banja likhala pansi dzuwa likapendeka. Ine ndinapita kukakhala pachisakasa changa, ufa udakali kumaso. Ntchito ya mbuya ndi kuseketsa. Palibe amene amaitana mbuya kuti adzawonjezere misozi, ndipo ndinkadziwa kuti akulu akwathu akhoza kundidzudzula. Ndinatulutsa yoseka, ndinaiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Nthawi yoweruka inali itakwana, ndipo maminibasi anayamba kutsitsa anthu.

Ndinapita posteji, n'kutembenuka, n'kuika yolira pakamwa. Ndinayamba mluzu uja pamene iwo ankauyambira, ndikuyenda mayendedwe awo enieni a madzulo, osati onyang'wa aja, koma okoka pang'ono mwendo wamanzere. Amayi a pa kiyosiki anatembenuka n'kumandiyang'ana. Ndinadutsa chisakasa changa osaima, ndipo panalibe wondilandira nyimboyo. Pofika pafupi ndi tenti, abambo amene ankakonza mipando anaima ndi mipando m'manja.

Zimene zinachitika m'nyumba anandiuza mkazi wanga. Akuti bana mpundu anadzuka, n'kudumpha miyendo ya amayi, n'kutenga poto wamkulu kuseri kwa chitseko. Zotsalazo ndinaziona ndekha. Anatuluka, anatunga madzi mu dilamu, anatereka pa mbaula, n'kukonza makala ndi chala. Kenaka anatembenukira kugeti akupukuta manja pa chitenje. Pagetipo panali ine, munthu wamfupi wa ufa kumaso, m'ovolosi ya amuna awo. Nyimbo inathera pamene inkathera masiku onse.

Kulira kwa mtundu umenewo sindinakumvepo, ndipo sindifuna kudzakumvanso. Anagwada paphulusa pambali pa mbaula, akuitana amuna awo ndi dzina lawo lenileni, akuwauza m'Chibemba kuti madzi ali pamoto, abwere asambe. Woyamba kuwafikira anali mlongo wamkulu uja. Anawagwira kuti awadzutse, koma naye anagwada, ndipo analira atakumbatirana pansi pomwepo mpaka madzi aja anawira. Ine ndinangoima ndi hamonika m'manja. Ndinali ndi chisoni, komanso ndinkachita manyazi ngati munthu amene watsegula chitseko cha eni ake osagogoda.

Msonkhano unachedwa kuyamba ndipo sunatalike. Ndinamva kuti zovala ndi zida anagawana abale, koma za nyumba anangoti ndi ya ana ndi mayi awo. Ovolosi ija palibe anaifunsa, ili kwathu mpaka lero.

Patapita milungu ingapo bana mpundu anabwera ndi nsapato za sukulu za mapasa kuti ndiike zidendene. Anakhala pabenchi, chinthu chimene sankachita kale, n'kumaonerera ndikudula labala.

“Ba mbuya,” anatero, “nyumba yasala. Natotela sana.”

Ndinafuna kuyankha zachimbuya, kuti Mbemba akathokoza ndiye kuti mvula igwa, koma ndinaona kuti sanamalize.

“Manje ija nyimbo musakalizenso. Nikaimvela chabe, nizanyamuka futi kuteleka manzi.”

Ndinati ndamva, ndipo sindinaiimbenso. Yolira ndimaiimbabe masana, nyimbo zina za kutchalitchi zimene zimaiyenera ndi zina zopeka ndekha. Koma nthawi yoweruka ikakwana, maminibasi akayamba kutsitsa anthu posteji, ndimaika zonse ziwiri m'thumba. Ndimatenga nsapato iliyonse imene ili pafupi, ngakhale yotha kale kukonza, n'kumaikhoma mpaka nthawiyo itadutsa.