Mlendo Wochotsa Chipale kwa a Tokuji

A Tokuji Kasai anasiya usodzi mawondo atayamba kudandaula, koma mtima wosafuna kupambanidwa sanausiye panyanjapo. Kumudzi kwawo, m'mbali mwa nyanja ku Tsugaru, dera lozizira kumene chipale chofewa chimagwa ngati mvula, munthu akakuchotsera chipale chofewa pakhomo suthokoza ndi pakamwa pokha ayi. Umamutengera kanthu, n'kuwerama mpaka msana kulira.

Vuto la a Tokuji linali mayi Narita, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba. Mayiwa sankadziwa tulo. Tsiku lililonse a Tokuji akamatsegula chitseko, fosholo ili m'manja, ankapeza pakhomo pawo patayera kale, mayiwo atachotsa chipale chonse. Basi, kunyamula nsomba youma, ulendo wokawerama. Nyengo yozizira isanafike n'pakati pomwe, nsomba zinali zitatsala pang'ono kutha pathandala, ndipo anzawo kumalo osambira madzi otentha anayamba kuwafunsa ngati fosholo yawo inali yokongoletsera nyumba. Zimenezi zinkawapweteka kwambiri.

M'mawa wina chimkuzamawu cha pamudzi chinalengeza kuti kukubwera chimphepo cha chipale kuchokera kunyanja, munthu sadzaona ngakhale dzanja lake, ndiye aliyense akhale m'nyumba. Anthu onse anamva chenjezo. A Tokuji anamva mwayi. Mayi Narita, ndi ulemu wawo wonsewo, sakanatsutsana ndi chimkuzamawu.

Akazi awo, a Setsu, anawaletsa, koma kunali kuyankhula ndi khoma. A Tokuji anavala jombo, anadzikulunga mpango mpaka m'maso, natuluka kukachotsa chipale pakhomo pa mayi Narita.

Kunja kunalibe kumwamba kapena pansi. Mphepo inawazunguza kawiri, inawakhazika pansi kamodzi, koma anadzuka n'kuyenda chopapasa mpaka anagunda khoma. Anayamba ntchito. Akataya fosholo imodzi, mphepo inkabweza ziwiri, iwo n'kumaitukwana ngati mwana wosamva. Pomaliza khomo linaoneka ndithu. Anagogoda monyadira, atakonzeratu mawu onena kuti si kanthu, amangodutsa.

Chitseko chinatsegulidwa ndi a Setsu.

Anayang'ana chimunthu choyera mbee chimene chinaima pakhomopo, nsidze zitaundana, kenako anawerama mwaulemu.

"Pepanitu, mwavutika. Abambo akunyumba kuno kulibe, apita kukathandiza kwa a Narita. Paja iwo sakhalitsa pansi."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi nsomba youma, yaikulu kuposa zonse zotsalazo, atainyamula ndi manja awiri. Apa n'kuti a Tokuji akanangotsitsa mpango nkhani n'kuthera pomwepo. Koma manyazi anapha lambe. Analandira nsomba yawo yomwe, anawerama, anang'ung'udza ndi mawu okhuthala, n'kubwerera m'chimphepo muja. Anakaibisa m'kanyumba kosungiramo maukonde, anadikira mpaka mano atayamba kugundana, ndipo analowera khomo la kuseri.

"Kwa a Narita kwayera?" anafunsa a Setsu, akuwathirira tiyi.

"Mphepo yakwiriranso."

"Kuno ndiye kunabwera munthu wabwino. Mnyamata ndithu, mapewa ake ngati chitseko. Amuna oterowo anatha masiku ano."

A Tokuji anatsamwa ndi tiyi. Sankadziwa ngati akondwe kapena achite nsanje, ndiye anachita zonse ziwiri.

Mphepo itadeka, nkhani ya mlendoyo inafika paliponse. Mayi Narita anati mwina ndi wa kuofesi ya mudzi. Kumalo osambira ankamuyamikira mlendoyo, a Tokuji ali pomwepo, atamira m'madzi mpaka m'chibwano.

Ngati a Setsu anawazindikira tsiku lija, sananenepo, ndipo ine sindiwafunsa. Chimene mudzi wonse ukudziwa n'chakuti mayi Narita akupitirizabe kulawirira masiku abwino. Koma chimkuzamawu chikangolengeza chimphepo, a Setsu amasuzumira pawindo n'kunena chapansipansi kuti kaya mnyamata uja abweranso lero. A Tokuji amausa moyo, n'kunena kuti akukaona maukonde, ndipo amavala jombo.