Azakhali anga ndi nkhalamba za m'mafilimu

Lachiwiri masana ndinali pa Chintheche m'kashopu ka Che Amidu, bambo amene amaika mafilimu m'mafoni a anthu. Ndikudikira kuti andiikire ankhondo, analowa azakhali anga a Nyamanda, manja akununkha chinangwa choviika. Foni yawo ndi yamabatani, sionetsa chithunzi ngakhale chimodzi.

"Che Amidu," anatero, "mafilimu amene amatenga mkamwana wangu aja, ndionetseniko nane."

Che Amidu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana khoma.

Nkhani yake ndi iyi. Azakhali akazula chinangwa, kuviika, kuyanika ndi kusinja, beseni loyamba la ufa wa kondowole limapita kunyumba kwa mwana wawo wamwamuna. Zaka zinayi mpongozi wawo, mkamwana amene ankanenayo, wakhala akulandira ndi manja awiri. Mwezi wathawu beseni linabwerera lili lodzadza. Kenako mdzukulu wawo analetsedwa kudya kwa agogo ake. Wina anawanong'oneza kuti mdzukuluyo atadwala malungo kawiri, mayi ake, amene sapuma pa mafilimu a ku Nigeria, anayamba kukayikira chakudya chochokera kwa apongozi.

Che Amidu atandiikira mafilimuwo, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shopu, foni yanga ili pabondo, n'kuyamba kuonera.

Ine mafilimu ndimawakonda, ndipo mtundu uliwonse ndimaudziwa pamene umanama. A karate sataya nthawi. Munthu amuphera mphunzitsi, iye aphunzira mpaka zibakera zichite zipsera, kenako akabwezera. Kupirira amakuonetsa bwino. Koma adani makumi awiri amaima pamzere ngati kuchigayo, aliyense kudikira nthawi yake yomenyedwa.

A ku India amakudyera maola atatu. Mmphawi wosowa chodya amasintha malaya kasanu m'nyimbo imodzi. Komabe kuliza munthu amadziwa, ndipo mayi akalankhula nyumba yonse imakhala chete.

A ku America zithunzi zake n'zosiririka, kuphulika kwake kumamveka m'chifuwa. Mfuti yokha ndiyo siitha zipolopolo, ndipo mwini filimu galimoto ikagubuduzika katatu amatuluka n'kungosasa fumbi. Munamuonapo akudya? Athu a konkuno mawu amapikisana ndi mphepo, koma timaseka chifukwa nkhope zake ndi zathu.

Mabodza onsewa savulaza munthu. Palibe anaonera karate n'kukalumpha denga la tchalitchi.

A ku Nigeria ndi nkhani ina. Pa za m'banja palibe owaposa: nsanje ya pamitala, kulimbirana chuma cha masiye, mwana wolemera woiwala kwawo. Amatigwira chifukwa bwalo lake ndi ngati lathu, chitenje ndi chomwechi, kukangana kwake n'komwe timamva kwa aneba. Mphamvu yawo ili pomwepo, ndipo vuto lawo lilinso pomwepo. Bodza la munthu wouluka timaliona msanga. Nanga bodza lovala duku, lonyamula mbale ya ndiwo, tingalizindikire bwanji?

M'mafilimu ambiri amenewa, nkhalamba ikamwetulira ndiye kuti yakonza chiwembu. Ikapereka chakudya, muli kanthu. Womasulira m'Chichewa naye sachedwa kuthira mchere wake: "Mwawaona apongozi? Ayambapotu."

Azakhali anaonera awiri osasuntha. Pakati pa yoyamba anangofunsa kamodzi.

"Mayi uyu salima? Nthawi yolodza anthu tsiku lonse akuipeza kuti?"

Yachiwiri inatha monga zimathera. Abusa anapemphera, nkhalamba inagubuduka m'fumbi, inaulula zonse, n'kufa. Banja linakumbatirana.

"Yamala?" anafunsa azakhali.

"Yatha, azakhali."

"Palibe pamene apeza kuti anangomunamizira?"

"Palibe. M'mafilimu awa wokayikiridwa amakhala wachitadi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa zotsatira za kuchipatala. Apa ndinachita mantha, ndivomere.

Mpongozi wa azakhali uja si munthu woipa. Ndimamudziwa, ndi mtsikana wa ku Limphasa wolimbika pa mpunga, wokonda mwana wake. Mwana akatentha thupi kawiri mwezi umodzi, mantha amafuna nkhope yoti ailoze. Udzudzu ulibe nkhope yogwira mtima. Filimu inamupatsa ina, yokhala pafupi, yobweretsa ufa.

Mawu oipa oti "mfiti" sanatchulidwebe, ndipo azakhali akuyenda mosamala kuti asatchulidwe. Tonse tikudziwa zimene zimagwera mayi wokalamba m'dziko muno mawu amenewo akangotuluka pakamwa pa m'bale wake. Ena athamangitsidwa m'midzi, ena sanapulumuke n'komwe. Madzi akatayika saoleka.

Sindikunena kuti tisiye kuonera. Ndikamaliza kulemba izi ndikaonera anga ankhondo aja. Ndikungodabwa kuti timaseka mfuti yosatha zipolopolo, koma nkhalamba yosalephera kukhala mfiti timaionera titatsegula pakamwa, n'kumati, "Zimachitikadi izi."

Tisanabalalike, azakhali anabwerera m'shopu muja.

"Che Amidu, mulibe ina yoti mayi wokalamba wangokalamba basi? Waphika, anthu adya, agona bwino. Ndikufuna mumuikire mkamwana wangu akabweranso."

Che Amidu anatsegula kompyuta. Anatsika ndi mndandanda, anakwera nawo, anatsikanso. Anawaonetsa ya ku India.

"Iyayi," anatero azakhali. "Wakuda ngati ine."

Anafufuza mpaka makasitomala anayamba kung'ung'udza pakhomo. Kenako anavula magalasi.

"Ama, mudzabwerenso Loweruka. Ndifunsa anzanga a ku Mzuzu."

Inu amene foni yanu yadzadza mafilimu, muli nayo?